Mwabvi wa Jefferson Hope

Mwa anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu nayamba kudziwerengera okha mabuku a Cingelezi, ambiri akondwera ndi nkhani za Sherlock Holmes, wofufuza milandu wa ku London uja. Sindiwaletsa ai. Koma pali mau amene amveka kawiri-kawiri pakamwa pao akatha kuwerenga buku loyamba la nkhanizo, A Study in Scarlet, limene Arthur Conan Doyle analitulutsa m'caka ca 1887. Amati Jefferson Hope, amene anapha anthu awiri m'bukumo, analibe mlandu, pakuti anacita cimene mwamuna ali yense akadacita. Ine ndikana, ndipo nditi owerenga otere wolembayo anawaphimba m'maso.

Tiyambe tamcitira cilungamo munthuyo, pakuti zowawa zace zinali zazikuru ndithu. Nkhani iti pa 4 May 1847 anthu a mpingo wa Mormon, ali pa ulendo wao wa ku Utah, anapeza John Ferrier ndi kamwana kakakazi ali pafupi kufa ndi ludzu m'cipululu. Anawatola, nawauza kuti ayenera kulowa cipembedzo cao. Ferrier analemera, ndipo mwanayo, dzina lace Lucy, anakula nakhala namwali wokongola. Hope, mlenje ndi wokumba siliva, wosakhala wa mpingowo, anamtomera. Akuru a mpingo anaukana ukwatiwo, napereka mwezi umodzi kuti namwaliyo asankhe pakati pa Enoch Drebber ndi Joseph Stangerson, amuna amene anali kale ndi mitala. Atatuwo anathawa usiku kulowa m'mapiri. Hope atapita kukasaka nyama, owalondola anafika. Stangerson anaombera nkhalambayo, ndipo Lucy anamkwatitsa kwa Drebber momkakamiza. Mwezi usanathe anamwalira ndi cisoni. Hope analowa pa maliro, nabvula mphete yaukwati pa cala ca mtembo, nayamba kuwasaka anthu awiriwo. Zinamtengera zaka 20. Anawatsata ku Cleveland, St Petersburg, Paris ndi Copenhagen, kufikira ku London, kumene analowa nchito yoyendetsa gareta wa akavalo kuti aziwazonda bwino m'miseu.

Ndani angamve izi osagwidwa cifundo? Koma kumvera munthu cifundo ndi kwina, kummasula pa mlandu ndi kwinanso.

Taonani umo anaphera Drebber. Anamnyamula m'gareta ataledzera, namlowetsa m'nyumba yopanda anthu ku Lauriston Gardens, pafupi ndi Brixton Road. M'menemo anaturutsa kabokosi ka timibulu tiwiri tofanana. Kamodzi kanali kopanda kanthu. Kenako kanali ndi ulembe wa pa mibvi ya ku South America, umene Hope anauba pamene anali wosesa pa sukulu yaikuru ina ku America. Ataloza mpeni pakhosi pa Drebber, anamuuza asankhe kamodzi ameze, iye mwini ameze kotsalako, kuti Mulungu aonetse wolakwa. Drebber anafa, Hope anakhala moyo, ndipo woŵerenga aomba m'manja nati cilungamo caoneka.

Ife a kuno sitiyenera kunyengeka ndi ici, pakuti dzina lace tilidziwa. Ndi mwabvi. Makolo athu ankati wosanza ndiye wosalakwa, wakufa ndiye mfiti, ndipo iwonso ankakhulupira kuti mtengowo sunama. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena garu m'malo mwa munthu. Ndipo codabwitsa ncakuti m'bukumonso garu alimo, pakuti Holmes anayesa timibuluto pa kagaru kokalamba ka m'nyumba mwace, kanafa pomwepo. Boma la Angelezi linaletsa mwabvi ku Nyasaland ndi lamulo la 1911, ndipo linacita bwino, pakuti anthu osawerengeka anafa nao opanda cifukwa. Tsono ngati mwabvi uli woipa m'cikho ca mapondera pa bwalo la mudzi, ukhala bwanji wabwino m'kabokosi ka Mzungu ku London? Timibulu tiwiri sitidziwa wakupha ndi wosapha. Hope akadameza koipako, kodi tikadati Drebber anali woyera mtima?

Ndipo Hope mwini sanaukhulupire mwabvi wacewo kufikira cimariziro. Pamene anakwera pa makwerero nalowera pa zenera m'cipinda ca Stangerson, uyo anakana kusankha namlumphira pakhosi, ndipo Hope anambaya pamtima. Pambuyo pace anadzitonthoza kuti ngakhale akadasankha, dzanja lace likadagwira ka ulembe komweko. Munthu wolankhula cotere anagamula mlandu kale asanatsegule kabokosi; dzina la Mulungu anangolibwereka cabe.

Pali munthu winanso amene okonda Hope amuiwala. Ndiye Arthur Charpentier, mnyamata wa nchito ya pa zombo za nkhondo, amene anathamangitsa Drebber ndi ndodo cifukwa ca kunyoza mlongo wace. Wapolisi Gregson anamgwira kuti ndiye wakupha, ndipo masiku amenewo cilango ca wakupha cinali cingwe. Hope sanadzipereke kuti amuombole. Anapitirira kusaka Stangerson.

Otsutsana nane ali ndi mau amodzi amphamvu, ndipo sindiwabisa. Amati panalibe bwalo limene likadaweruza Drebber ndi Stangerson: ku Utah eni mlandu ndiwo anali ndi mphamvu, ku Cleveland Drebber anamangitsa Hope yemweyo, ndipo zaka zinali zitapita. Nzoona, ndipo mlandu suola. Funso ili, lakuti munthu acite ciani malamulo akamsiya yekha, ndilo lalikuru m'buku lonse. Koma ndipo pamene Conan Doyle anathawira. Akadalimba mtima akadaimika Hope pamaso pa woweruza wa ku London, kuti timve cimene lamulo likadayankha, ndi kuti ifenso tibvutike nalo m'mitima. Iye anampatsa nthenda: mtsempha waukuru wa pamtima unali utatupa, pafupi kuphulika. Usiku wotsata kugwidwa kwace unaphulikadi, ndipo m'mawa anampeza m'ndende atafa, nkhope ikumwetulira. Woweruza sananene kanthu, cingwe sicinagwire nchito, ndipo woŵerenga atseka buku mtima uli m'malo.

Onaninso kamangidwe ka bukulo. Holmes atangomanga Hope maunyolo ku 221B Baker Street, nkhani iima, ndipo mitu 5 yathunthu itifotokozera za ku Utah tisanamve kubvomera kwace. Pobwerera ku London tiri kale mboni zace. Drebber ndi Stangerson atha kufa, sangayankhe. Ngakhale mpingo wonse wa Mormon, umene ulikodi kufikira lero, ndi mtsogoleri wao Brigham Young, amene anali munthu weniweni, awaonetsa ngati gulu la ambanda popanda wowalankhulira. Mfumu ya mudzi yogamula mlandu itamva mbali imodzi yokha, anthu ace sakadacedwa kusamuka.

Cikadakhala ca kamodzi ndikadakhala cete, koma wolembayo anacizolowera. M'nkhani ya The Boscombe Valley Mystery, ya 1891, John Turner apha munthu amene anamsautsa zaka zambiri. Holmes amleka, pakuti ali ndi nthenda ya shuga, ndipo afa patapita miyezi 7. M'nkhani ya The Abbey Grange, ya 1904, Holmes adziyesa yekha woweruza, nauza Watson akhale m'malo mwa anthu 12 aja othandiza woweruza, namasula mkuru wa combo amene anapha mwamuna wozunza mkazi wace. Agatha Christie anatsata njira yomweyo m'caka ca 1934 mu Murder on the Orient Express, m'mene Hercule Poirot alola kuti apolisi auzidwe bodza, ndi kuti anthu 12 obaya wakupha mwana apite kwao.

Tsono funsani kuti cifundo cimeneci cigwera yani. M'nkhani ya The Devil's Foot, ya 1910, Dr Leon Sterndale, wochuka ndi kusaka mikango, apha Mortimer Tregennis ndi utsi wa muzu waululu, kulipsira mkazi amene anamkonda. Holmes amva nkhani yace yonse modekha, namlola abwerere ku Africa wa pakati akatsirize nchito yace, monga ngati maiko a kuno ndi dzala lotayirako ambanda. Koma m'buku la The Sign of Four, la 1890, muli Tonga, munthu wa ku zisumbu za Andaman, amene anapha Bartholomew Sholto ndi kamubvi kaulembe poganiza kuti akondweretsa Jonathan Small, amene anamciritsa pa nthenda yace. Small ankamuonetsa m'misika ya ku England ngati wakudya anthu, kuti apezepo timakobiri. Ameneyu sanamlembere mitu 5, ngakhale tsamba limodzi la mau a pakamwa pace. Holmes ndi Watson anamuombera pa mtsinje wa Thames, nagwera m'madzi, ndipo mtembo wace unatsala m'matope a pansi pa mtsinjewo.