Nchito ya a Mayosi ifike m'nyumba za ku Kanyama

Pa 27 July 2018 mu mzinda wa Cape Town munamwalila dokotala wa mtima, Pulofesa Bongani Mayosi, ali ndi zaka 51. Ambili ku Kanyama sanamvepo dzina lao, koma nchito yao ikhudza banja lililonse limene lili ndi mwana wodandaula pakhosi.

Mu 2017 a Mayosi ndi anzao anapeza cilema ca m'cibadwa, cochedwa CDH2, cimene cimasokoneza kagundidwe ka mtima mpaka wacinyamata wooneka wathanzi kugwa ndi kufa mwadzidzidzi. Izi zinawachukitsa kutali. Koma kwa anthu a m'makomboni nchito yao yaikulu ndi ya matenda a mtima oyamba ndi zilonda za pakhosi.

Matendawa amayamba motele. Kacilombo kamagwila pakhosi pa mwana, makamaka wa zaka 5 mpaka 15, ndipo kamafala msanga pamene anthu agona mothithikana. Mwana akapanda kulandila penicillin, patapita masabata awili kapena atatu akhoza kutentha thupi ndi kutupa m'mfundo. Zikamabwelezabweleza, zitseko za mkati mwa mtima zimaonongeka. Mtima umatupa ndi kuyamba kugunda mosalongosoka, magazi amaundana m'kati mwake, ndipo cotupa ca magaziwo cikafika ku ubongo munthu amafa ziwalo.

A Mayosi anatsogolela kafukufuku wochedwa REMEDY, amene anaona odwala 3,343 m'zipatala 25 za m'maiko 12 a mu Africa, ku India ndi ku Yemen. Cipatala ca UTH cinali m'gululo kupyolela mwa Dr John Musuku. Theka la odwalawo silinapitilile zaka 28. Mmodzi mwa asanu alionse mtima wake unali kugunda mosalongosoka, ndipo pafupifupi theka sanali kulandila penicillin wowateteza. Patapita zaka ziwili, 500 mwa iwo anali atamwalila.

Kafukufuku wina, INVICTUS, anatuluka mu 2022 a Mayosi atamwalila kale, dzina lao lili pakati pa olemba. Odwala oposa 4,500 a m'maiko 24, kuphatikizapo Zambia, anagawidwa pawili: ena anamwa mankhwala akale oletsa magazi kuundana monga warfarin, ena mankhwala atsopano a rivaroxaban. Imfa zinacepa mwa omwa mankhwala akale. Motelo wodwala matendawa asadzimve wotsalila cifukwa ca warfarin, ndipo asasinthe mankhwala pongomva kuti kwabwela ena odula.

Ena adzanena kuti Kanyama ili ndi mavuto oposa awa: kolela, madzi osefukila m'nyengo ya mvula, zimbudzi zosakwanila. Ndi zoona. Koma kolela imapha poyela, boma n'kuthamanga ndi mahema. Matenda a mtima amapha mwakacetecete, mmodzimmodzi, ndipo amatenga anthu pa msinkhu wobala ndi wodyetsa banja. Mzimai amene zitseko za mtima wake zinaonongeka ali kusukulu kawilikawili amadziwika atatenga pakati, mpweya utayamba kumucepela. Kuteteza kwake ndi penicillin, mankhwala akale ndi otsika mtengo.

Ophunzila amayesa wofufuza powelenga mapepala amene analemba. Muyeso woyenela ndi wina: kodi zimene anapeza zafika pa kiliniki ya m'komboni? Mu May 2018 msonkhano waukulu wa bungwe la World Health Organization unagwilizana kuti maiko alimbane ndi matendawa. Pangano lotele lilibe phindu ngati mwana afika pa cipatala napeza kuti nyeleti ya penicillin yatha, kapena womwa warfarin alephela kupimitsa magazi cifukwa cosowa ndalama ya basi. Unduna wa Zaumoyo uyenela kuonetsetsa kuti mankhwalawa sasowa, ndi kuti kupima magazi kwa INR kucitike pafupi ndi kumene odwala akhala.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Mwana amene amva kuwawa pomeza ndipo thupi latentha apite ku kiliniki, asangopatsidwa Panadol wa pa kantemba. Mankhwala awamalize ngakhale pakhosi papola. Amene anapezeka kale ndi matendawa asadumphe nyeleti yake ya mwezi ndi mwezi. Wamkulu amene mtima ugunda modumphadumpha, apuma movutika kapena atupa miyendo, akapimidwe msanga, asayambe ndi kuganizila zakulodzedwa. Womwa warfarin asaphatikize ndi aspirin kapena mankhwala a zitsamba osauza adokotala, pakuti akhoza kutaya magazi.

A Mayosi anawelenga odwala ndi kuonetsa cimene cipulumutsa moyo. Cotsala ndi cakuti boma ligule mankhwala, ndipo makolo anyamule mwana pamene pakhosi pangoyamba kuwawa.