Malangizo a Pakhomo: Mfutso Uziumira Pamthunzi

Owerenga athu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'Malichi ndi m'Epulo minda imadzaza nkhwani ndi khwanya. Koma pofika Okutobala ndiwo zimasowa, ana n'kumadyera nsima mchere. Tsono tifutse bwanji kuti ndiwo zisaonongeke?

Thyolani masamba anthete m'mawa, muwatsuke, ndipo muwaviike m'madzi owira kwa mphindi 3 zokha. Musathiremo soda kapena chidulo, pakuti zimapha mavitamini.

Ambiri amayanika mfutso padzuwa, mwina pathanthwe. Dzuwa limaumitsadi msanga, koma limaononga vitamini A amene amathandiza maso a ana, ndipo masambawo amatuwa. Yalani mphasa pathandala, pamthunzi podutsa mphepo, pomwe nkhuku ndi mbuzi sizifika. Mwazani masamba mopyapyala, muziwatembenuza, ndipo madzulo muziwalowetsa m'nyumba kuopa mame.

Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'dzanja. Wosauma bwino umachita chuku, ndipo wotero ndi wotaya basi. Woumawo umangeni m'chikwatu cha masamba a msuku, mupachike kudenga la nyumba yophikiramo, posafika chinyezi.

Amayi ndi abambo, futsani masamba akadali ambiri m'munda.