Mtedza umagona, ndipo umadziwa nthawi yodzuka

Aliyense amene anakulira ku Chisepo kapena kumapiri a Ntchisi amadziwa kuti mtedza umagona. Dzuwa likapendeka, timasamba take timapindana tiwiritiwiri, m'mawa n'kutambasukanso. Nyemba nazo zimagwetsa masamba usiku. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti masambawo amangotsatira dzuwa, ngati mmene nkhuku imalowera m'khola kukada. Koma nkhaniyi ndi yozama kuposa pamenepo, ndipo ndikuona kuti ife ophunzira a m'dziko la alimi tikuitaya mwayi poisiyira anthu a m'malabotale a ku Ulaya okha.

Mu 1729, katswiri wa zakuthambo wa ku France, Jean-Jacques d'Ortous de Mairan, anatsekera kachomera ka mimosa m'malo amdima. Masamba ake anapitiriza kutseguka nthawi ya masana ndi kutsekeka nthawi ya usiku, ngakhale sankaona dzuwa. Ndiye kuti chomeracho chinali ndi wotchi yakeyake mkati. Zaka zoposa 2,000 zapitazo, Androsthenes, amene ankayenda ndi asilikali a Alexander the Great, analemba za mtengo umene masamba ake ankapindana usiku, ndipo ambiri amakhulupirira kuti unali bwemba. Inde, bwemba wathu yemweyu.

Lero tikudziwa kuti wotchiyo siikhala pamalo amodzi. Munthu ali ndi kachigawo mu ubongo kamene kamawongolera nthawi ya thupi lonse. Chomera chilibe ubongo. Selo iliyonse ili ndi wotchi yake, yopangidwa ndi majini (osati majini aja amavutitsa anthu, ayi, awa ndi a chibadwa) amene amayatsana ndi kuzimitsana mozungulira pa maola pafupifupi 24. Mu 2018, gulu la James Locke ku Sainsbury Laboratory ku Cambridge linaonetsa, poyang'ana maselo amodziamodzi a kachomera ka Arabidopsis, kuti mawotchiwa sayenda liwiro limodzi. A m'mbali zambiri za muzu amachedwerapo, a kunsonga ya muzu amafulumira. Komabe maselo oyandikana amamvana, nthawi n'kumayenda m'chomeramo ngati funde. Ine wophunzira za anthu ndi chikhalidwe, izi zimandikumbutsa mudzi umene ulibe belu koma aliyense amadzuka chifukwa wamva mnzake akusesa pabwalo.

Wina afunsa kuti, nanga zimenezi zikukhudza bwanji mlimi wa ku Dowa amene akudandaula za mtengo wa feteleza? Zikumukhudza m'thumba.

Masana chomera chimasunga chakudya ngati sitachi, usiku n'kumadya. Ofufuza a ku John Innes Centre ku Norwich anapeza mu 2010 kuti chimagawa chakudyacho mwadongosolo kotero kuti chimatha chakum'bandakucha, osati pakati pa usiku. Wotchi ikasokonekera, chomera chimagona ndi njala ndipo chimakwinimbira. Mu 2019, gulu la Antony Dodd ku Bristol linaonetsa kuti mphamvu ya glyphosate, mankhwala opha udzu amene ali mu Roundup, imasiyana malinga ndi ola limene wathira. Taganizirani: botolo lomwelo, munda womwewo, ndalama zomwezo, koma zotsatira zosiyana chifukwa wina wathira m'mamawa wina madzulo. Mankhwala amenewa akugulitsidwa m'mashopu a zaulimi pa Mponela ndi pa Madisi, ndipo amene amagula ndi anthu ogulitsa mbuzi kuti apeze ndalamazo.

Ngakhale fodya ali m'nkhaniyi. Mu 1920, Garner ndi Allard ku America anatulukira kuti zomera zina zimayeza kutalika kwa tsiku kuti zidziwe nthawi yochita maluwa, ndipo mbewu zimene anagwiritsa ntchito zinali fodya wa Maryland Mammoth ndi soya. Chimene chimayeza kutalika kwa tsikuko ndi wotchi yomweyi. Soya anachokera kum'mawa kwa Asia kumene masiku a chilimwe amakhala aatali. Ukam'bweretsa kufupi ndi equator, amafulumira kuchita maluwa akadali wamfupi, zokolola n'kuchepa. Dziko la Brazil linakhala chimphona cha soya litapeza mitundu yochedwa kuchita maluwa m'masiku aafupi. Choncho soya wa Tikolore amene tikumuona m'minda yathu sanangofika. Panali anthu amene analimbana ndi funso la nthawi.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa. Zambiri zimene ndatchulazi zinayesedwa pa Arabidopsis, kaudzu kamene palibe amadya, m'mayiko amene tsiku limatalika kuchoka pa maola 8 m'nyengo yozizira kufika 16 m'chilimwe. Kuno kwathu tsiku lalitali ndi lalifupi sizisiyana ndi maola awiri n'komwe. Sitingangotenga zotsatira za ku Bristol n'kukauza agogo ku Chisepo kuti azithira mankhwala ola lakutilakuti. Tiyenera kuyesa tokha, pa mtedza wa CG7, pa nyemba, pa chisoso ndi bonongwe zimene zimamera m'mizere yathu. Tili ndi Chitedze, tili ndi LUANAR ku Bunda. Kuyesa kotere sikufuna makina a mamiliyoni: timinda ting'onoting'ono, sipuleya imodzi, wotchi ya pafoni ndi wophunzira wa chaka chachinayi amene akusowa mutu wa kafukufuku.

Ndisanamizire alangizi. Ntchemberezandonda zitavuta kuyambira 2017, ambiri ankalangiza kuthira mankhwala m'mamawa kapena madzulo, chifukwa masana mbozizo zimabisala m'kati mwa chimanga. Ola limatchulidwa ndithu. Koma limatchulidwa poganizira mbozi, mphepo ndi kutentha. Zoti chomera chenichenicho chimasintha m'kati mwake kuchoka m'mawa kufika madzulo, sizimveka kawirikawiri. Ulangizi wathu ndi wa kalendala: bzalani ndi mvula yoyamba, thirani feteleza pakatha milungu yakuti.

Ndipo ife a humanities tisadzichotsemo. Amayi a m'madimba ali ndi malamulo awo a nthawi: ndiwo zamasamba uthyole liti, mbande uokere liti, uthirire liti. Ena mwa malamulowa mwina ndi ongopewa dzuwa, ena mwina akugwirizana ndi wotchi ya m'maselo ija. Sitingadziwe ngati palibe wawalemba. Timaphunzitsidwa kufunsa anthu mafunso, kujambula mawu, kumasulira. Chaka ndi chaka timapita kumidzi kukatolera miyambi ndi nthano, zimene n'zabwino, koma mayi yemweyo amene watiuza nthano tikanamufunsanso chifukwa chake sathyola nkhwani dzuwa lili paliwombo. Mayankho amenewo, atasonkhanitsidwa kuchokera ku Chisepo, ku Malomo ndi ku Nambuma, angakhale mndandanda wa mafunso oti mnzathu wa ku Bunda akayese m'munda tchuthi chikubwerachi, mvula isanagwe.