Tisanakumbe Maziko, Tilembe Pangano

Aliyense woyenda m'njira za kuno ku Zemba ndi madera ena a boma la Chadiza waonapo zipupa zoima popanda denga, udzu utamera m'kati. Zina ndi nyumba za mabanja, zina ndi nyumba zopemphereramo zimene tinasonkhera ndalama za cimanga, nshawa ndi thonje lathu. Womanga analandira ndalama, nayamba nchito, kenaka nazimirira. Tikafunsa za pangano, yankho limakhala limodzi: tinangomvana pakamwa. Makolo ananena kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Alipo anthu amene nchito yao ndi kutichinjiriza ku tsoka lotere, ndiwo maloya odziwa malamulo a zomanga. Njira yao ndi yaitali. Amayamba ndi maphunziro a malamulo, monga a pa University of Zambia, pamene sukulu ya malamulo inatsegulidwa mu 1967. Akatsiriza amapita ku ZIALE ku Lusaka, kumene mayeso amagwetsa ambiri. Opambana ndiwo amaloledwa kuimira anthu m'mabwalo a milandu, nalowa m'bungwe la Law Association of Zambia. Luso la zomanga amalitola pambuyo pake, pogwira nchito ndi mainjiniya ndi owerengera mtengo wa zipangizo.

Nchito yaikulu ya loya wotere imacitika njerwa yoyamba isanaikidwe. Amafufuza ngati malo ali m'manja mwa mfumu kapena ali ndi cikalata ca boma. Amaona ngati womangayo analembetsa ku National Council for Construction, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, limene linalowedwa m'malo ndi la 2020. Bungweli limaika omanga m'magulu 6, monga mwa kukula kwa nchito imene angathe. Ndipo amalemba pangano lonena mtengo, tsiku lomaliza, ndi kuti malipiro aziperekedwa m'zigawo: maziko akatha, zipupa zikakwera, denga likafoleredwa. Kagawo kena ka ndalama kamasungidwa kufikira titaona kuti zipupa sizing'ambika ndipo malata sadontha. Mkangano ukabuka, lamulo la Arbitration la 2000 limalola mbali ziwirizo kusankha woweruza wao, m'malo modikira khoti.

Nkhaniyi yakula ciyambire 2022, pamene ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iliyonse. Makalasi ndi zipatala zazing'ono zomangidwa ndi ndalamazi ndi zathu, ndipo tili ndi ufulu wofunsa cimene cinalembedwa.

Ena adzati loya ndi wodula. Nzoona, koma tiyerekeze malipiro a tsiku limodzi la uphungu ndi matumba a simenti amene amauma m'nyumba yosiyidwa. Bungwe la parishi lisasaine cikalata cimene silinamve.

Cilungamo cili ndi mbali ziwiri. Pangano lomwelo limatetezanso mmisiri. Kangati ife eni tamana womanga malipiro ake, kapena kuonjezera cipinda popanda kuonjezera ndalama? Mpingo umaphunzitsa kuti kumana wanchito malipiro ake ndi chimo lalikulu.

Pa 19 May timakumbukira Ivo Woyera wa ku Brittany, wansembe ndi loya, amene anamwalira mu 1303, wodziwika poimira osauka kwaulere. Atipempherere, kuti pakati pa ana athu a ku Chadiza patuluke maloya a mtima wotere.