Kulota uli pa chiwongolero si ufiti, abale

Abale anga akumudzi kuno ndi inu a m'tauni, lero tikambeko za maloto, chifukwa nkhani imeneyi yayamba kudanitsa anthu pachibale. Masiku ano munthu akangoti walota ali pa ulendo, ena ayamba kale kutsinana, ati ameneyo amamutenga usiku.

Ine chibadwire chiwongolero sindinachigwirepo. Zomwe ndimatha ndi ngolo ya ng'ombe ndi njinga yanga yakapalasa basi. Koma kutulo, eee, ndine dalaivala wotheratu. Loto lomwe limabwerabwera ndi ili: ndili m'lole yodzaza matumba a kachewere, ndikutsetsereka Khwekhwelere kulowera ku Golomoti. Ndikaponda buleki, phazi likungolowa ngati ndaponda phala. Makona akubwera motsatizana, phompho lili apo, ine thukuta kamukamu, mpaka mayi akunyumba kundigwedeza kuti bambo, mukukankha chiyani? Tsiku lina ndinalota ndanyamuka pa Lizulu wa ku Blantyre, ndayenda bwinobwino mpaka pa Zalewa. Wapolisi akuti laisensi, ine kupisa m'thumba, kutulutsa kuponi ya feteleza.

Tsono taonani nthawi yomwe malotowa amabwera. Nyengo yopalira sindilota lole ayi, ndimangogona ngati chipika. Amayamba ndikakumba kachewere. Masana onse ndakhala ndikuwerengetsa ndalama ya hayala, venda wabwera ndi galimoto yake n'kutchula mtengo womwe akufuna, podziwa kuti mbatata si chimanga choti ungasunge m'nkhokwe kudikira Febuluwale. Ukakana, ikuwolera pakhomo. Mtima umene wagona ukuti ndikanakhala ndi galimoto yanga, mukufuna ulote chiyani?

Kwa ine wamkulu izi n'zoseketsa. Pomwe zimandiwawa m'pa ana. Mwana bambo ake ali ku Joni chaka chachitatu, amangowamva pa foni. Akapita kumsewu amaona mabasi akuluakulu akudutsa pa M1. Usiku walota wakwera, m'mawa wafotokoza mosangalala. Basi akuluakulu amukhazika pansi: unali ndi ndani? Amayendetsa ndani? Tanena, usaope! Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri mukamupanikiza chonchi amatchula nkhope yomwe amaiona tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri ndi agogo ake omwe amamuphikira phala. Mawa lake gogo uja anthu aleka kumuyankha moni pachitsime, ena ayamba kugenda denga. Paja lamulo la dziko lino, la 1911 lija, limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri timaliiwalira dala.

Inunso a m'tauni muli ndi gawo lanu. Mukangomva kuti mwana walota, mwatumiza kale ndalama pa foni kuti apite naye kwa womasulira. Koma tikakuimbirani za feteleza wobereketsa, netiweki imavuta.

Ndikudziwa ena muti nanga Yosefe sanamasulire maloto a Farao? Anamasuliradi, ndipo ine sindikutsutsa kuti Mulungu angathe kulankhula kutulo. Koma kawerengeninso Genesis 41. Kumasulira kwa Yosefe kunathera pa kusunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti anthu asafe ndi njala. Sanaloze nkhalamba ya mu Iguputo, sanatchulenso mtengo asanayambe.

Mdzukulu wanga sabata yatha anati walota akuyendetsa basi yopita kwa bambo ake, wadutsa Tete, wawoloka mlatho wautali. Mlathowo anaumva kwa amalume ake omwe anayendako. Ndinangomufunsa ngati ine anandinyamula. Iye akuti ayi agogo, malo anatha, munadzaza matumba anu a kachewere.