Mapanga Awiri Avumbwitsa: Chiyankhulo ndi Mavuto a Kugula Nyumba

M'mwezi wa Epulo 2023 mayi anga analandira ndalama zawo zopumira pantchito, ataphunzitsa ku pulayimale kwa zaka 31. Tsiku lomwe ndalamazo zinalowa ku banki anatiitana ife ana awo atatu n'kutiuza kuti, "Ana inu, lendi yandikwana. Sindifuna kudzafera m'nyumba ya eni." Chimwalirireni bambo athu mu 2015 tinali titasamuka kanayi, ndipo kusamuka kulikonse kunkayamba ndi mawu amodzimodzi a alandilodi akuti mwezi wamawa lendi ikwera. Choncho tinasangalala, poganiza kuti chomwe chinkatisowetsa mtendere chinali ndalama basi, ndipo tsopano zapezeka.

Anthu akamakamba za vuto la nyumba m'matauni mwathu amathamangira kutchula ndalama, ndipo sanama. Koma m'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa vuto lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri. Munthu wogula nyumba m'dziko muno amayenda njira ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi ya kwa mfumu, yomwe imayenda pakamwa ndiponso m'chiyankhulo chathu. Yachiwiri ndi ya ku maofesi, yomwe imayenda papepala ndiponso m'Chingerezi. Njira ziwirizi sizimvana, ndipo amene amalira pamapeto pake ndi wogula. Maganizo anga ndi akuti ntchito yozilumikiza ikutikhudza ife ophunzira za ziyankhulo monga momwe ikukhudzira maloya.

Tiyambe ndi mawu enieniwo. Mchewa akamatchula komwe amakhala amati "kwathu", ngakhale atakhala kuti amagona yekha m'kachipinda ka lendi. Mneni yemwe tinazolowera kumuphatikiza ndi nyumba ndi "kumanga", yemwenso timamugwiritsa ntchito pa banja. Malo makolo athu ankachita kupempha, mfumu n'kuwalozera malire, kuyambira pa mtengo wakuti kulekeza pa chulu chakuti. Koma mawu ovuta koposa ndi akuti "mwini". Timati mwinimudzi, timatinso mwinimbumba, komatu mwinimudzi sangagulitse mudzi, ndipo mwinimbumba sangagulitse alongo ake ndi ana awo. M'mawu awiriwa "mwini" ndi msungi, munthu woyang'anira zinthu za gulu m'malo mwa anzake. Mwini yemwe lamulo lolembedwa limamudziwa ndi wina: ndi munthu amene dzina lake lili m'kaundula, amene ali ndi mphamvu yogulitsa. Tsono munthu akakuuzani kuti, "Mwini wake wa nyumbayi ndine," akhoza kukhala akunena zoona m'Chichewa koma n'kukhala bodza pamaso pa lamulo.

Izi n'zomwe zinatichitikira. Ejenti wina anawaonetsa mayi nyumba ya zipinda zitatu, yamalata komanso yamagetsi, m'dera lina kunja pang'ono kwa mzinda wa Blantyre. Mtengo wake unali K7,500,000. Wogulitsa anali bambo wachikulire ndithu, woyankhula modekha, ndipo anthu oyandikana nawo anavomereza kuti amene amatolera lendi pa nyumbayo ndi iyeyo. Tinapita kwa amfumu ndi mboni ziwiri. Amfumu anafunsa kuti, "Kodi mwini wake ndinu?" Bamboyo anayankha kuti, "Eya mfumu, zonse za pamenepaja zimadzera mwa ine." Ejenti uja anatulutsa pepala lomwe analemba m'Chingerezi, mizere isanu ndi itatu yokha, ndipo m'menemo bamboyo anatchulidwa kuti owner. Aliyense anasayina, amfumu anadinda chidindo, mayi anapereka K5,000,000 kuti yotsalayo adzamalize alendi akatuluka.

Patangopita masabata awiri kunyumba kwathu kunafika mtsikana wamsinkhu wanga pamodzi ndi alongo ake awiri. Atakhala pansi anati, "Amayi, ife sitinabwere kudzakangana nanu. Koma nyumba ija anatisiyira ndi mayi athu, ndipo sukulu timalipirira lendi yomweyo. Amalume sanatiuze kanthu." Mayi anga anangoti kukamwa yasa. Bambo uja analidi mwini, koma mwinimbumba. Lamulo loona za chuma cha masiye la mu 2011 limaika ana ndi mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo patsogolo, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Anawo anali ndi chilungamo, ife tinali ndi pepala lachidindo lomwe silikanatithandiza kanthu.

Apa m'pamene mayi anayamba kuyenda m'maofesi, kumene anayenera kuyambira. Kumeneko anawalandira m'Chichewa ndithu, koma mawu onse ofunika anali a Chingerezi. Anawafunsa ngati nyumbayo ili ndi title deed, ngati malowo ali pa lease, ngati anachita search asanapereke ndalama, ndiponso ngati wogulitsayo anawaonetsa letters of administration. Kumbukirani kuti awa ndi mayi amene aphunzitsa ana Chingerezi kwa zaka 31. Anabwera kunyumba atalemba mawuwo kuseri kwa envulopu nati, "Iwe ndiye wa ku yunivesite, tandimasulira izi." Ine, amene ndimatha kujambula mtengo wa chiganizo ndi kutchula magulu onse a mayina, ndinalephera. Ndinachita manyazi, ndipo manyazi amenewo ndi amene andilembetsa chimangirizo chino. Ngati mphunzitsi ndi mwana wake wa ku yunivesite akusokonezeka chonchi, nanga mayi wogulitsa tomato ku Ndirande amene wasunga ndalama zake ku banki m'khonde kwa zaka zisanu?

Zomwe mawuwa akutanthauza n'zosavuta zikafotokozedwa bwino. Loyambalo ndi chikalata cha boma chotsimikizira umwini. Lachiwiri likutanthauza kuti malowo mwabwereka kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 pa malo omangapo nyumba, ndipo mumalipira kangachepe chaka ndi chaka. Lachitatu ndi kukafufuza m'kaundula kuti muone dzina la mwini wake komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki. Lomalizalo ndi chilolezo choyendetsera chuma cha munthu womwalira. Mafunso anayi amenewa akanafunsidwa m'Chichewa pabwalo la amfumu tsiku lija, mayi sakanatulutsa ndalama m'chikwama.

Nkhani yathu inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Mayi sanafune kupita ku khoti poopa kuti ndalama zotsalazo zithera kwa maloya, choncho inkakambidwa kwa amfumu ndi ku banja la wogulitsayo. Miyezi yonseyo tulo sankaona. Usiku ndinkawamva akutsegula chikwama n'kumawerenganso pepala lija ngati kuti mawu ake asintha. Ku chipatala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo anayamba kumwa mankhwala. Pofika mu Disembala bamboyo anali atabweza K4,200,000 pang'onopang'ono, yotsalayo mpaka lero. Koma mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi nyumba zomwe inali itakwera. Ndalama zomwe mu Epulo zikanagula nyumba, mu Disembala zinangokwanira puloti ndi maziko. Za ngongole ya ku banki sitinaziganizire n'komwe. Mu 2024 banki yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo banki imafuna chikole chokhala ndi chikalata cha boma, chomwe nyumba zambiri za m'madera ngati athuwa zilibe.

Banja lathu si lokhali. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti dziko lino linali ndi anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa anthu 100 alionse ankakhala m'matauni. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi nyumba zochepa poyerekeza ndi anthu ozifuna, kotero ambiri amakapeza pokhala m'madera monga Mbayani, Chinsapo, Mtandire ndi Chikanda, kumene kugula ndi kugulitsa kumadzera kwa mafumu ndi maejenti. Boma layesapo kukonza zinthu. Lamulo la malo la mu 1965 linkagawa malo patatu: a boma, a munthu payekha ndi a makolo. Malamulo atsopano a mu 2016 anatsegula njira yoti malo a makolo azilembetsedwa m'kaundula, ndipo anakhazikitsa makomiti oona za malo otsogozedwa ndi agulupu, momwe mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposerapo ayenera kukhala amayi. Awa ndi maganizo abwino. Koma malamulowa analembedwa m'Chingerezi, pomwe anthu oyenera kuwatsata amakambirana za malo m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'ziyankhulo zina.

Ndikuona zinthu zitatu zoyenera kuchitika. Choyamba, pakhale fomu imodzi ya mgwirizano wogulitsana nyumba kapena puloti, yolembedwa m'chiyankhulo cha m'deralo mbali ina, Chingerezi mbali inayo, yopezeka kwa mfumu aliyense ndi ku khonsolo iliyonse. Fomuyo izifunsa mafunso achindunji: Nyumbayi munaipeza bwanji? Ngati ndi ya masiye, ana onse avomera? Akazi anu kapena amuna anu akudziwa? Munaikapo chikole kwina kulikonse? Funso loti "Kodi mwini wake ndinu?" lisamafunsidwe palokha, chifukwa taona kale kuti lili ndi mayankho awiri oona.

Chachiwiri, akatswiri a ziyankhulo akhale pansi ndi maloya komanso oyeza malo n'kugwirizana mawu oimira mfundo zimenezi. Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies. Zaka zonsezi zapita koma munthu akumafikabe pa ofesi ya malo n'kusowa mawu ofunsira. A zaumoyo anatha kupeza mawu monga "kachilombo" ndi "mankhwala otalikitsa moyo", ndipo lero agogo akumudzi amawamva osafunsa. A zamalo angathenso.

Chachitatu, kugulitsa nyumba kuzilengezedwa ndalama zisanaperekedwe. Ukwati wa kutchalitchi amaulengeza masabata atatu kuti amene akudziwa chifukwa choletsa anene. Bwanji nyumba, yomwe munthu amaigula ndi thukuta la moyo wake wonse, imagulitsidwa masana amodzi pamaso pa anthu asanu? Amfumu akanalengeza pa msonkhano wa m'mudzi, kapena kumata chidziwitso pakhomo pa nyumbayo, mtsikana uja akanabwera mayi asanalipire.

Ena anena kuti Chichewa sichingakwanitse kunyamula mfundo za malamulo molondola ngati Chingerezi. Ine ndikuti pepala lomwe linatipweteka ife linali la Chingerezi, ndipo kulondola kwake sikunateteze munthu chifukwa mawu akuti owner aliyense pabwalopo anawamva m'njira yakeyake. Chiyankhulo chilichonse chimakula chikapatsidwa ntchito. Ena anena kuti vuto ndi umbava, ndipo wakuba adzaba m'chiyankhulo chilichonse. Izi n'zoona, ndipo fomu singasinthe mtima wa munthu. Komabe wakuba amakonda mdima, ndipo kunama poyankha funso lachindunji, m'chiyankhulo chomwe mboni zonse zikumva, n'kovuta kuposa kusayina pepala lomwe theka la anthu silikulimvetsa. Ndikukhulupiriranso kuti bambo ujayo sanadzione ngati wakuba. Mwina ankakhulupiriradi kuti umalume umamupatsa mphamvu zotero, ndipo funso loyenera likanamuimitsa. Enanso anena kuti Amalawi ambiri sadziwa kuwerenga, choncho kumasulira n'kutaya nthawi. Koma fomu ya Chichewa mwana wa sitandade 6 akhoza kuwawerengera agogo ake mokweza iwo n'kumva zonse, pomwe ya Chingerezi imafuna womasulira, ndipo womasulirayo nthawi zambiri amakhala ejenti yemweyo amene akudikira gawo lake.

Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu, pa ndime 28, komanso ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chomwe wafuna, pa ndime 26. Pa nkhani ya nyumba maufulu awiriwa amadalirana. Ndikupempha aphunzitsi athu kuti pa ntchito zomasulira zomwe amatipatsa aziphatikizapo mapepala a malo, a ngongole ndi a chuma cha masiye, ndipo ife ophunzira tikapita kutchuthi tizikamvetsera momwe nkhani za malo zimakambidwira pamabwalo a mafumu, tilembe mawu omwe anthu akugwiritsa kale ntchito. Kumeneko n'komwe mawu oyenera angachokere.

Mayi anasamukira pa puloti yawo mu 2025, m'zipinda ziwiri zomwe sanazipake pulasitala, kutali ndi msewu wa tala. Asanalipire malo amenewo anayendera abale asanu ndi awiri a wogulitsa, mmodzimmodzi, kuwafunsa ngati akudziwa. Pepala loyamba lija akusungabe m'chikwama chawo. Tsiku lina ndinaliona, ndipo ndinapeza kuti pamwamba pa mawu akuti owner analembapo ndi pensulo yofiira, ija ankachongera ana, mawu amodzi okha: "amalume".