NDEMANGA: Nsapato nayonso ndi mankhwala

Kuchokera ku Naperi kupita ku chipatala cha Gulupu si mtunda woti munthu n'kukwerera minibasi. Koma kwa mayi kapena bambo amene matenda a shuga adamuwononga mitsempha ya m'mapazi, kamtunda kameneka ndi ulendo woopsa. Phazi limachita dzanzi, silimvanso pansi. Mwala, dzenje kapena matope a m'mbali mwa mtsinje wa Naperi, iye sazindikira mpaka atadzandira kapena kugwa. Choopsa kuposa apo n'chakuti kamsomali kangathe kumulasa tsiku lonse osamva kanthu, chilonda n'kuyamba, mapeto ake mwendo n'kudulidwa.

Vutoli si la anthu ochepa ayi. Kafukufuku wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi shuga. Madotolo a pa Gulupu pomwepa, atayeza odwala oposa 600, adalengeza mu 2010 kuti pafupifupi theka anali ataonongeka kale mitsempha.

Inu amene mudakhalako kunja mukudziwa kuti kumeneko wodwala wotere amamuyeza phazi n'kumupangira kalabala kofewa koyala m'kati mwa nsapato. Ntchito yake ndi kugawa kulemera kwa thupi kuti kusapsinje malo amodzi, ndipo izi zimachepetsa zilonda. Akatswiri akuyesanso timalabala tokhakhala kapena tonjenjemera pang'ono, kuti phazi lizimvako pansi. Ku Boston mu 2006 adaona kuti tonjenjemerato tidachepetsa kudzandira kwa odwala shuga ataimirira. Komabe nkhani imeneyi ikadali m'manja mwa ofufuza, choncho wina asakunamizeni pa msika kuti ali ndi kalabala kochiza dzanzi.

Ife tikuti nzeru yoteteza phazi si yachilendo kuno. Bungwe la LEPRA lidayamba kulimbana ndi khate mu Blantyre muno m'zaka za m'ma 1960, ndipo odwala khate nawo amafa dzanzi m'mapazi, n'chifukwa chake amafunika nsapato zofewa. Nanga bwanji nzeru yomweyo isathandize odwala shuga lero?

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti wodwala shuga aliyense azivulidwa nsapato n'kuyezedwa mapazi, ngakhale kamodzi pa chaka, osangomupatsa mapilitsi n'kumuuza kuti adzabwerenso. Amene phazi lake lili pa ngozi atumizidwe kwa akatswiri opanga miyendo ndi zothandizira kuyenda. Sukulu ya KUHeS ili pafupi pomwepa. Iphunzitseko osoka nsapato athu a m'Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa kudula labala wofewa molondola. Mtengo wa kalabala sungafanane ndi wa opareshoni, ndodo ndi banja lotaya wolidyetsa.

Kwa odwala eni ake tikuti: musayende chosavala, ngakhale pa khonde. Gwedezani nsapato musanavale. Yang'anani kuphazi madzulo aliwonse, ndipo ngati maso akuvuta, mwana akuonereni. Pogula nsapato pa kaunjika musatengeke ndi kuwala kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sankhani yotakasuka kutsogolo, yomanga ndi zingwe, yosaterera. Mukaona kachilonda thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo.

Mwendo ukadulidwa sumeranso.